Kodi mayi anga amene ankapemphera Lamulungu adzatayika chifukwa cha Sabata?

Mlungu wathawu ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mlongo wathu wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo wandilola kuti ndimuyankhe poyera popanda kutchula dzina lake. Iye anabatizidwa miyezi ingapo yapitayo mu mpingo wa Seventh-day Adventist atamvera misonkhano ya chitsitsimutso imene inachitika kudera kwawoko. Usiku wina mlaliki, pophunzitsa za chilombo cha pa Chivumbulutso 13, ananena kuti onse opemphera Lamulungu alandira kale chizindikiro cha chilombocho ndipo chiweruzo chawagwera. Mayi ake omubereka, amene anali a Chigwirizano mu CCAP kwa zaka zambiri, anamwalira chaka chatha asanasungepo Sabata la Loweruka ngakhale limodzi. Mlongoyu akufunsa kuti: "Kodi mayi anga atayika? Nanga ine amene ndimagwira ntchito m'sitolo ku Bwalo la Njobvu, kumene abwana salola munthu kujomba Loweruka, kodi dzina langa lafafanizidwa kale m'buku la moyo?" Pomaliza akuti chiyambire usiku umenewo sakuthanso kutsegula Baibulo limene malemu mayi ake anamusiyira.

Mlongo wanga, pepani kwambiri ndi imfa ya mayi anu, ndipo pepaninso kuti pamwamba pa chisoni cha maliro mwasenzetsedwa katundu wina amene Malemba sanakusenzetseni. Inenso ndimasunga Sabata kuyambira ubwana wanga, choncho sindikulemba kuti ndikubwezeni pa chimene munabatizidwira. Koma yankho ndiliika poyambirira pomwe kuti musagonenso ndi mantha usiku wina. Palibe vesi m'Baibulo limene limanena kuti munthu wokhulupirira Khristu, amene anapembedza Lamulungu ndi mtima woona monga anaphunzitsidwira, watayika chifukwa cha tsikulo, ndipo ngakhale mpingo umene mwalowawu suphunzitsa zimenezo. Ngati mlalikiyo ananenadi monga mwalembera, ndiye kuti anapyola malire a chiphunzitso cha mpingo wake womwe. Ine sindingagamule za mayi anu chifukwa buku la moyo silili m'manja mwanga, koma pa chifukwa chomwecho mlaliki ujanso alibe mphamvu yowagamula.

Tiyambe ndi chinthu chimene alaliki ambiri amachilumpha, chomwe ndi chilankhulo chathu. M'Chichewa masiku timawawerenga kuyambira Lolemba, tsiku lolembetsa ntchito, kenaka Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, n'kufika Loweruka, tsiku loweruka kuntchito. Munthu akapitiriza kuwerenga ndi zala, Lamulungu limagwera pachisanu ndi chiwiri, ndipo anthu ambiri, makamaka kumudzi, tsikulo amangolitcha Lasabata. Mayi anu akatsegula Eksodo 20 n'kuwerenga kuti tsiku lachisanu ndi chiwiri ndilo Sabata la Yehova, chilankhulo chawo, abusa awo ndi mudzi wonse zinkawauza chinthu chimodzi, chakuti tsikulo ndi limene iwo ankavala zoyera n'kupita kutchalitchi. Mumtima mwawo ankasunga lamulo lachinayi, ndipo mwina ankalisunga mosamala kuposa ambiri a ife. Kawerengedwe ka Baibulo n'kosiyana ndi kathu, ndipo kamaoneka bwino pa Luka 23:54 mpaka 24:1, pamene Yesu anaikidwa m'manda pa tsiku lokonzekera, amayi aja anapumula pa Sabata monga mwa lamulo, ndipo anapeza manda ali apululu m'mbandakucha wa tsiku loyamba la mlungu. Popeza pafupifupi Akhristu onse amavomereza kuti Ambuye anauka Lamulungu, Sabata la m'Malemba ndi Loweruka, kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu kufikira kulowa kwa dzuwa Loweruka, monga Ayuda amasungira mpaka lero.

Nanga kupembedza Lamulungu kunachokera kuti? Pamisonkhano timamva kawirikawiri kuti mfumu Constantine ya Aroma ndiyo inasintha tsiku, koma mbiri yake ndi yaitali kuposa pamenepo. Justin Martyr, mphunzitsi wachikhristu amene analemba ali ku Rome cha m'ma chaka cha 150, anafotokoza kale kuti Akhristu ankasonkhana pa tsiku lotchedwa la dzuwa kudzawerenga Malemba, kupemphera ndi kunyema mkate, chifukwa ndilo tsiku limene Yesu anauka kwa akufa. Chimene Constantine anachita pa 7 Marichi 321 chinali kuika lamulo la boma lakuti oweruza, anthu a m'mizinda ndi amisiri azipuma pa tsikulo, koma alimi anawalola kupitiriza ntchito za kumunda. Patapita zaka makumi angapo, msonkhano wa akuluakulu a mpingo ku Laodikaya unaletsa Akhristu kupuma pa Sabata monga Ayuda, ndipo kuletsako ndi umboni wakuti panali Akhristu amene ankalisungabe. Ku Ethiopia mpingo wa Orthodox umalemekeza masiku onse awiri mpaka lero. Ine ndikawerenga Machitidwe 20:7, 1 Akorinto 16:2 ndi Chivumbulutso 1:10, mavesi amene amatchulidwa poteteza Lamulungu, sindipezamo mawu a Mulungu osamutsa kupatulika kwa tsiku lachisanu ndi chiwiri, n'chifukwa chake ndimasunga Loweruka. Komabe abale athu a mipingo ina ali ndi Akolose 2:16-17 ndi Aroma 14:5-6, amene amawamva kuti akunena kuti Mkhristu asaweruzidwe pa nkhani ya masiku, ndipo amene amawerenga motero si anthu onyoza Baibulo.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera m'chaka cha 1889 ndipo kenaka anakhazikika ku Nkhoma, kuchokera kumene chiphunzitso chawo chinafalikira m'midzi ya Lilongwe, Dowa, Dedza ndi Mchinji. Sabata la Loweruka linalowera kummwera: Joseph Booth, yemwe uja anapita ndi John Chilembwe ku America, anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo mothandizidwa ndi a Seventh Day Baptist, ndipo m'chaka cha 1902 malowo anagulidwa ndi a Adventist, amene pambuyo pake anawatcha Malamulo. Kwa agogo athu ambiri, tsiku limene ankapembedza linkatengera mishoni imene inayamba kumanga sukulu pafupi ndi mudzi wawo. Wobadwira ku Makwasa, kumene kuli Malamulo, ankakula akudziwa Loweruka, wobadwira ku Nathenje kapena ku Mitundu ankakula akudziwa Lamulungu. Mulungu amene anaika malire a pokhala pa anthu, monga Paulo ananenera ku Atene, sangaiwale zimenezi pa tsiku la chiweruzo.

Tsopano tifike pa chimene chimamangiriza Sabata ku chiweruzo m'ulaliki umene munamva. William Miller, mlimi wa mpingo wa Baptist wa m'chigawo cha New York, anawerenga pa Danieli 8:14 kuti pakadzapita madzulo ndi mamawa 2,300 malo opatulika adzayeretsedwa. Potengera Numeri 14:34 ndi Ezekieli 4:6, anawerenga tsiku limodzi ngati chaka chimodzi, nayambira m'chaka cha 457 Yesu asanabadwe, nthawi ya lamulo la mfumu Aritasasta lolembedwa pa Ezara 7. Iye ankaganiza kuti malo opatulikawo ndi dziko lapansi ndipo kuyeretsako ndi kubweranso kwa Yesu. Omutsatira anafika pa tsiku la 22 Okutobala 1844, ena atasiya mbewu zawo m'munda osakolola, koma dzuwa linalowa Yesu osabwera. Kagulu kochepa mwa iwo, kuphatikizapo Hiram Edson, kanabwerera ku Malemba n'kumvetsa kuti malo opatulikawo ndi a kumwamba otchulidwa m'kalata ya Ahebri, ndipo kuti m'chaka chimenecho Khristu, Mkulu wa Ansembe, anayamba gawo lomaliza la utumiki wake, lofanana ndi Tsiku la Chitetezero la pa Levitiko 16. Ichi ndicho timachitcha chiweruzo chofufuza. Sabata linalowa m'gululi kudzera mwa Rachel Oakes, mayi wa Seventh Day Baptist, ndiponso Joseph Bates, yemwe kale anali woyendetsa sitima zapamadzi ndipo analemba kabuku ka Sabata mu 1846. Mpingo unakhazikitsidwa mwadongosolo ku Battle Creek mu 1863. Muyenera kudziwanso kuti chiphunzitso cha 1844 ndi cha a Adventist okha. Ophunzira Baibulo ambiri a mipingo ina amaona kuti Danieli 8 akunena za mfumu Antiochus Epiphanes, amene anadetsa kachisi wa ku Yerusalemu kuyambira 167 mpaka 164 Yesu asanabadwe.

Mfundo imene imandikoka ine kwambiri ili pa Chivumbulutso 14:6-12. Mngelo woyamba akulengeza kuti anthu aope Mulungu chifukwa nthawi ya chiweruzo chake yafika, ndipo alambire Iye amene analenga kumwamba, dziko lapansi, nyanja ndi akasupe a madzi. Mawu amenewa ndi ofanana kwambiri ndi a pa Eksodo 20:11, pamene lamulo la Sabata likupereka chifukwa chake. Mngelo wachitatu akuchenjeza za kulambira chilombo ndi kulandira chizindikiro chake, ndipo ndimeyo ikutha ndi oyera mtima amene amasunga malamulo a Mulungu ndi chikhulupiriro cha Yesu. Makolo athu a m'chikhulupiriro anaika zimenezi pamodzi ndi Danieli 7:25, pamene nyanga yaing'ono ikufuna kusintha nthawi ndi lamulo, komanso Ezekieli 20:12, pamene Sabata likutchedwa chizindikiro pakati pa Mulungu ndi anthu ake, ndipo anafika pa mfundo yakuti mayeso otsiriza a dziko lapansi adzakhala okhudza kulambira, ndi kuti Sabata lidzakhala pakati pa mayesowo. Ine ndimaona kuti mfundoyi ndi yolimba. Koma chilungamo chimafuna kuti tisiyanitse chimene chalembedwa ndi chimene tachipeza polumikiza mavesi. Liwu lakuti Sabata silipezeka m'buku lonse la Chivumbulutso, ndipo chaputala 13 sichinena kuti chizindikirocho ndi tsiku. Chimanena kuti chidzaikidwa padzanja lamanja kapena pamphumi, kuti chidzakakamizidwa kwa aang'ono ndi aakulu, olemera ndi osauka, kuti wopanda chizindikirocho sadzatha kugula kapena kugulitsa, ndiponso kuti okana kulambira fano la chilombo adzaphedwa. Chizindikiro cha chilombo sichibwera popanda chikakamizo cha ulamuliro.

N'chifukwa chake mpingo umaika nkhaniyi kutsogolo, osati lero. Ellen G. White, mmodzi mwa amene anayambitsa mpingo wa Adventist, m'buku lake la The Great Controversy, analemba momveka kuti Akhristu a mibadwo yapita ankasunga Lamulungu poganiza kuti akusunga Sabata la m'Baibulo, kuti m'mipingo yonse, ngakhale wa Katolika, muli Akhristu enieni amene amakhulupirira zimenezo moona mtima, ndipo kuti Mulungu amalandira kuona mtima kwawo. Malinga ndi iye, chizindikirocho chidzalandiridwa pokhapokha pamene kusunga Lamulungu kudzakakamizidwa ndi lamulo, anthu atamvetsa bwino chimene akusankha, n'kusankha dala kumvera munthu m'malo mwa Mulungu. Ananenanso kwina kuti palibe amene walandira kale chizindikiro cha chilombo. Iye ankalemba nthawi imene mantha amenewa anali ndi pogwira, chifukwa m'zaka za m'ma 1880 osunga Sabata ena ku Arkansas ndi ku Tennessee anamangidwa chifukwa chogwira ntchito Lamulungu, ndipo mu 1888 seneta Henry Blair anabweretsa bilu yofuna kuti dziko lonse la America lizipuma tsikulo mwalamulo. Mlaliki wa Adventist A. T. Jones anakaitsutsa pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ndipo siinadutse. Mauthenga a pa WhatsApp onena kuti lamulo la Sande lasainidwa usiku wathawu amabwera chaka ndi chaka, monganso anthu ena ankanenera kuti katemera wa Covid-19 ndi 666, ndipo zimandipweteka mtima kuona abale athu akuwatumiza osafufuza, chifukwa bodza lililonse lotere limachititsa kuti anthu atseke makutu ku chenjezo lenileni. Mayi anu anamwalira popanda boma lililonse lowakakamiza kusankha pakati pa lamulo la Mulungu ndi la munthu. Mwa chiphunzitso cha mpingo wanu womwe, iwo sanalandire chizindikirocho.

Ife Amalawi sitifunikira kupita kutali kuti timvetse chikakamizo chimene Yohane anachiona. Amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi timakumbukira kuti pakhomo la msika kapena pokwera basi munthu ankafunsidwa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa. A Mboni za Yehova, amene ndimasiyana nawo pa ziphunzitso zambiri, anakana kugula khadilo chifukwa cha chikumbumtima chawo. Analetsedwa m'dziko muno mu 1967, ambiri anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Mozambique ndi ku Zambia, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Sindikunena kuti khadi lija linali chizindikiro cha chilombo, koma limationetsa maonekedwe a chinthucho, ulamuliro ukugwira chakudya cha munthu kuti ugwire chikumbumtima chake. Lero gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, ndipo wosunga Sabata ayenera kukhala woyamba kuuteteza ufuluwo, kwa Msilamu wa Lachisanu ndi kwa Mpresbateria wa Lamulungu yemwe.

Za mmene Mulungu amaweruzira, Yesu sanatisiye mumdima. Pa Luka 12:47-48 anati kapolo amene anadziwa chifuniro cha mbuye wake koma osachichita adzakwapulidwa kwambiri, pamene wosadziwa adzakwapulidwa pang'ono, chifukwa amene anapatsidwa zambiri adzafunsidwa zambiri. Yesu anauza Afarisi pa Yohane 9:41 kuti akanakhala akhungu sakanakhala ndi tchimo, ndipo Yakobo 4:17 amati tchimo lili kwa iye amene adziwa kuchita bwino koma sachita. Kuunika kumene munthu analandira ndiko muyeso wake. Mawu amenewa ndi chitonthozo pa za mayi anu, koma kwa ine ndi inu ndi chenjezo, chifukwa ife tawerenga ndipo takhutitsidwa.

Mukamva liwu lakuti chiweruzo, musangoganiza za khoti la majisitireti kumene munthu amaima yekha m'kabokosi akunjenjemera. Ganizirani bwalo la kwathu, kumene munthu sapita yekha koma ndi nkhoswe yake, amene amamudziwa kuyambira kale, amamuyankhulira, ndipo mlandu ukavuta amausenza ngati wake. Omasulira Buku Lopatulika anasankha liwu lomweli pa 1 Yohane 2:1, pamene akuti wina akachimwa tili nayo Nkhoswe kwa Atate, ndiye Yesu Khristu wolungama. Pa Danieli 7, pamene mipando yachifumu yaikidwa ndi mabuku atsegulidwa, amene akugwa ndi mlandu ndi chilombo ndi nyanga yodzikuza ija, ndipo vesi 22 likuti mlanduwo unakomera opatulika a Wam'mwambamwamba. Yohane 5:22 amanena kuti Atate anapereka kuweruza konse kwa Mwana, ndipo Mwanayo ndi yemwe uja anati Sabata linaikidwa chifukwa cha munthu, nadzitcha yekha Mwini Sabata. Ndi yemweyo amene pa Luka 13 anaona mayi wopindika msana kwa zaka 18 m'sunagoge, namuwongola pa Sabata, nadzudzula mkulu wa sunagoge amene anakwiya nazo. Mayi anu anamudziwa Iyeyu, anamuimbira nyimbo, anayendera odwala ndi kugona pamaliro m'dzina lake. Mlandu wawo uli m'manja mwa Nkhoswe imeneyi, ndipo chipulumutso, chawo ndi chanu chomwe, chili mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro, osati mwa kusunga tsiku.

Izi sizikutanthauza kuti Sabata ndi nkhani yopepuka pamaso pa Mulungu. Yeremiya 17:27 anachenjeza kuti ngati anthu apitiriza kulowetsa akatundu pa zipata za Yerusalemu tsiku la Sabata, moto udzanyeketsa zipatazo, ndipo Nehemiya 13 amakumbutsa anthu obwera ku ukapolo kuti makolo awo anagwa m'tsoka chifukwa cha zomwezo, n'kutseka zipata kuti amalonda a nsomba a ku Turo asalowe. Koma aneneri akamalumikiza Sabata ndi chiweruzo, chala chawo chimaloza kawirikawiri kwa olisunga. Amosi 8 akudzudzula amalonda amene ankatsekadi malonda awo pa Sabata, koma mumtima akufunsa kuti lidzatha liti kuti achepetse muyeso, akweze mtengo, anyenge ndi sikelo ndi kugula aumphawi ndi nsapato. Aliyense amene anagulitsapo soya kapena chimanga kwa mavenda a sikelo yokhotetsa, kapena anagulapo nyemba pa mbale yoponyedwa pansi kuti ichepe, akudziwa anthu amene Amosi akuwanena, ndipo ena a iwo amakhala pa mabenchi athu Loweruka m'mawa. Pa Deuteronomo 5:14-15 chifukwa cha Sabata ndi chakuti wantchito wako wamwamuna ndi wamkazi apumule monga iwe, pokumbukira kuti unali kapolo ku Igupto. Ndimadzifunsa za nyumba zingati za osunga Sabata muno mu Lilongwe m'mene banja limapita kutchalitchi litatchena, mtsikana wantchito n'kutsala akukolopa ndi kusonkha moto, mlonda ali pageti kuyambira dzulo lake osalandira ndi malipiro a mwezi watha omwe. Yesaya 58, chaputala chimene timakonda kuwerenga mavesi ake awiri omaliza onena za kutcha Sabata chokondweretsa, chimanena kaye za kumasula goli, kugawira anjala chakudya ndi kulowetsa osowa m'nyumba. Ndipo pa Mateyu 25, pamene Yesu mwini akufotokoza za kulekanitsa nkhosa ndi mbuzi, mafunso ake ndi a njala, ludzu, usiwa, matenda ndi ndende. Wosunga Sabata amene amaloza chala mayi wa Chigwirizano wonyamula phala kupita nalo kuchipatala ayenera kuwerenga chaputala chimenechi mwamantha.

Tsopano za ntchito yanu. Sindikunamizani kuti zilibe kanthu, chifukwa inu mwakhutitsidwa kuti Loweruka ndi tsiku la Yehova ndipo chikumbumtima chanu chikukuvutani. Komanso sindikuuzani kuti dzina lanu lafafanizidwa, chifukwa kuvutika mtima kumene muli nako ndi umboni wakuti Mzimu akugwirabe ntchito mwa inu, ndipo Aefeso 1:13 amati okhulupirira anasindikizidwa chizindikiro ndi Mzimu Woyera. Ndikudziwa kuti m'masitolo a mu Old Town Loweruka ndilo tsiku la malonda, makamaka kumapeto kwa mwezi, ndikuti ntchito ikatha lendi ndi fizi za ana sizidikira. Langizo langa ndi lakuti mupite kwa abwana anu maso ndi maso, mwaulemu, tsiku limene sitolo ilibe piringupiringu, muwauze chimene mwakhulupirira, ndipo mubwere ndi chopereka m'manja: kugwira Lamulungu ngati amatsegula, kulowa m'malo mwa anzanu pa masiku a tchuthi, kapena kuwonjezera maola pakati pa mlungu. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limanena kuti wantchito asagwire masiku oposa 6 otsatizana osapuma tsiku lathunthu, ndipo tsikulo likhoza kukhala limene iye ndi omulemba ntchito agwirizana, choncho simukupempha chinthu chachilendo. Musanamizire matenda kapena maliro kuti mupeze Loweruka, chifukwa lamulo lachinayi silisungidwa pothyola lachisanu ndi chinayi. Pemphani abusa kapena mkulu wa mpingo akulembereni kalata, ndipo ngati n'kotheka akuperekezeni. Kumbukiraninso kuti Sabata limayamba ndi kulowa kwa dzuwa, komwe kuno kumachitika itangopitirira 5 koloko m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ndipo itapitirira 6 koloko m'nyengo ya dzinja, motero nkhani ya nthawi yoweruka Lachisanu muikambirenso pamodzi.

Abwana akhoza kukana, ndipo pamenepo mudzafika pamphambano imene palibe angakusankhireni. Ndawaona anthu amene anasiya ntchito napeza ina msanga, ndawaonanso amene anasauka kwa nthawi yaitali, ndipo sindingakulonjezeni chimene Mulungu sanalonjeze. Chimene ndinganene molimba mtima n'chakuti mpingo umene unakuitanani kutsogolo pa msonkhano uja uli ndi udindo pa inu. Mutu umodzi susenza denga. Sikokwanira kubatiza munthu, kumuuza kuti asiye ntchito ya Loweruka, kenaka n'kupasula tenti n'kumapita. Muli abale a mabizinesi mumpingomo, muli amayi a Dorika, muli akulu a mpingo. Auzeni vuto lanu poyera ndipo musachite manyazi kuwakumbutsa. Pamene mukufunafuna njira, musaleke kupita ku mapemphero otsegulira Sabata Lachisanu madzulo ndi ku mapulogalamu a Loweruka masana mukaweruka, ngakhale wina akuyang'aneni ndi diso lachilendo. Ndipo ngati mungapeze mpata, kambiranani ndi abusa anu za mawu a mlaliki uja, chifukwa pa msonkhanowo panali anthu ena ambiri amene ali ndi makolo m'manda a kumudzi ndipo anabwerera kunyumba ndi bala lomwelo.

Za Baibulo la mayi anu, litsitseni pamene munaliika. Ndi Buku Lopatulika lomwelo limene timawerenga pa Sukulu ya Sabata, lomasuliridwa ndi amishoni ndi Amalawi a mipingo ya Lamulungu n'kutuluka lathunthu mu 1922, ndipo lamulo lachinayi limene mwalikhulupirira munalipeza m'masamba ake. Lachisanu likudzali, dzuwa likamalowa, sonkhanitsani ana anu, muimbe nyimbo imene agogo awo ankaikonda, ndipo mutsegule pa 1 Atesalonika 4 kuyambira vesi 13, pamene Paulo akulembera anthu amene ankada nkhawa ndi abale awo ogona, monga inu. Mukatero muyang'ane m'masamba ena kuti muone mavesi amene mayi anu anadula mzere kunsi kwake kapena kupinda pangodya, ndipo ngati mungafune, mudzandilembere kundiuza kuti ndi ati.